Malata a Atate Apite ku Tete

Cassacatiza,
Janeiro, 1987

Okondedwa achimwene anga a Gaspar,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi alamu anga a Florinda ndi ana onse kumeneko ku Petauke. Kodi muli bwanji? Nanga mwendo uja umakuvutani nthawi ya mvula, chaka chino wakupatsaniko mpata? A Jester atabwera ndi sopo pa njinga yawo mwezi watha anandiuza kuti mwanenepa, ndiponso kuti mukuyankhula Chinsenga ngati munabadwira konko. Ndinawayankha kuti za kunenepazo ndidzakhulupirira ndikadzakuonani, koma za Chinsengazo sindikukayika, poti pakamwa panu sipanakhalepo chete chibadwire.

Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mfuti zikumveka ndithu, koma patali. Chimanga m'kamunda kobwereka kaja chinamera bwino, kungoti dzuwa la masiku apitawa lachipinda masamba. Za dzuwa limeneli musaiwale, ndibwererako.

Kalatayi ndikulemba ndekha. Beatriz amafuna andilembere, ati zilembo zanga zili ngati popalasa nkhuku, koma ndakana. Muli nkhani zina muno zoti mlongo auze mlongo wake popanda mwana pakati.

Achimwene, ngati mwaimirira khalani pansi, ngati muli ndi kapu m'manja iikeni kaye. Mphwanu Beatriz wasankhidwa! Mwana wanga yemwe uja munkamuseka kuti miyendo yake ili ngati bango, wakhoza kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo dzina lake latuluka pa ana opita ku sikola ya uphunzitsi ku Tete. Zaka zitatu basi, kenaka purufesora. Purufesora, achimwene, wotuluka m'mimba mwa ine amene ndinalekezera kalasi yachiwiri!

Uthenga unandipeza ndikupeta mphale. Lichero ndinaliponya kumene linagwera, nkhuku za eni ake n'kuchita phwando, ine ndili nthungululu mpaka pa chipata cha malire. Asilikali anathamanga ndi mfuti poganiza kuti kwagwa zina. Atamva chimene chachitika, mmodzi anatsamiritsa mfuti pamtengo n'kuvina nane. Tsiku limenelo tinadya mbatata zokha chifukwa mphale inapita, koma palibe amene anadandaula.

Tinapita ku Tete kukalembetsa dzina. Tinakwera kuluna, magalimoto aja oyenda pamzere, asilikali kutsogolo asilikali kumbuyo. Njira yonse korona ili m'manja, sindinaone china koma msana wa munthu amene anakhala patsogolo panga. Koma titafika pa mlatho wa Zambezi, ee, ndinaiwala mantha onse! Madzi amenewo, achimwene, tsidya linalo munthu amaoneka ngati nyerere. Beatriz anandigwira kapulana, chitenje changa chija, n'kunena kuti ndisiye kufuula, anthu akutiyang'ana.

Kutentha kwake musanene. Ukaponda mchenga masana umadumpha wekha popanda ng'oma. Mbuzi za kumeneko ndi zochuluka kuposa anthu, ndipo zimadya ngakhale mapepala. Koma magetsi aliko, tchalitchi chachikulu chiliko, ndipo ana a sikola amayenda awiriawiri, mabuku ali pachifuwa. Ndinawayang'ana n'kumuona mwana wanga pakati pawo, misozi n'kuyamba yokha.

Tsono vuto linatulukira mu ofesi. Adiretori, mkulu wa sikolayo, anatilandira bwino, koma anati nyumba yogona ana a sikola yadzaza thoo, ena akugona pakhonde. Aliyense watsopano adzipezere kokhala m'tauni. Anatinso mwanayo akafike sikola ikamatsegulidwa mu Fevereiro, akapanda kuoneka malo ake apatsa wina, chifukwa odikira ndi ambiri.

Ndinaganiza pomwepo, ndili chiimire, kuti mwana wamkazi sindingamutaye yekha m'tauni. Ndipita naye. Pano pa Cassacatiza ndikusiyapo chiyani? Msasa wa udzu ndi munda wa eni ake. Bambo ake, a Inácio, anagona, mukudziwa, ndipo amene angandiletse kusamuka ndi inu nokha, malume ake.

Ndiye tinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Tinayenda mpaka mapazi kutupa, ndipo pamapeto pake panatsala malo awiri. Ena ndi a lenda, ena ndi ogula. Mvetserani bwino, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa.

Malo oyamba ndi a bambo wina, a Solomoni, amene kale ankagwira ntchito ku njanji. Ali ndi chipinda cha kuseri, pansi pa simenti, chitseko cha thabwa, mpopi uli pafupi, ndipo ku sikola ndi pomwepo. Sindinama, chipindacho ndi chabwino. Ndinapondamo ndi mapazi anga a ming'aluwa n'kuchita manyazi.

Anati lenda ya ndalama saifuna, poti m'masitolo mulibe choti ugule nazo. Akufuna chimanga mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti mtsikanayo azikathandiza ntchito m'nyumba yaikulu akaweruka ku sikola. Mawuwo ankauza ine, koma maso anali pa Beatriz, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu amene akusankha mbuzi pamsika. 

Potuluka ndinapatukira pampopi ngati ndikufuna madzi akumwa, n'kufunsa amayi amene ankatunga. Chinyungwe changa ndi chothyokathyoka, koma nkhani zotere mkazi amazimva m'chiyankhulo chilichonse. Anati m'chipindamo munali mtsikana wina wa sikola chaka chatha, anabwerera kwawo ali ndi pakati, sikola osamaliza. Mwini nyumbayo akuyendabe ndi chipewa chake, Lamulungu amakhala benchi la kutsogolo.

Malo achiwiri ali ku Matundo, tsidya lino la mtsinje, usanawoloke mlatho. Mwini wake ndi mayi wamasiye ngati ine, a Rebeka, amene akusamukira kwa mwana wawo ku Moatize. Nyumbayo akugulitsa. Zipinda ziwiri, achimwene, zipupa za dothi koma zochindikala, ndinazimenya ndi chibakera osagwa ngakhale kafumbi. Pabwalo pali mtengo wa masawu, kuseri kuli malo okwana khola, ndipo kumtsinje ndi pafupi poti ungapite mphika uli pamoto.

Chosowa ndi chimodzi chokha, denga. Phaso lilipo ndipo likadali lolimba, koma udzu unawola, chiswe n'kumalizitsa. Ukaima mkati umaona mitambo ikudutsa. Musati ndikamwete wina, ayi. Udzu ku Tete ndi nkhani yaikulu, chifukwa amene amatuluka m'tauni kukamweta sabwerako onse.

Nditafunsa mtengo wake, a Rebeka anaseka. Anati iwo akufuna malata, popeza nyumba ya mwana wawo ku Moatize nayonso ili yosafolera. Amene abwere ndi malata agawane nawo pakati, theka atenge iwo, theka likhale pa nyumbayo, basi nkhani yatha. Tinapita limodzi kwa sekeretariyo wa dera limenelo, ndipo anati dothi ndi la boma, siligulitsidwa, koma zipupa ndi mtengo munthu angathe kugula, iye adzakhala mboni.

Achimwene, mwadziwa kale kumene mtima wanga unathamangira. Musakwinye nkhope, ndikukuonani ngakhale muli ku Zambia. Ndinapempha a Rebeka kuti andidikire mpaka kuluna ya kumayambiriro a Fevereiro. Anavomera, koma anandichenjeza kuti pali bambo wina amene akuzungulira nyumbayo ngati mphamba.

Nditabwerera kuno ndinakatula nkhaniyi kwa a katekista Agostinho, amene anatilandira pano tsiku lija tinathawa kwathu. Iwo anaima kumbali ya lenda. Anati wa lenda zikavuta amangomanga mtolo n'kunyamuka, koma nyumba siinyamulika pamutu. Anati nanga nkhondo ikalowa mu Tete? Nanga ikatha chaka chamawa, ine n'kufuna kubwerera kwathu ku Mualadzi? Anati zaka zitatu si zambiri, ndipirire, chipinda china cha lenda chidzapezeka kutsogolo.

Mawu awo ndi anzeru, sindikutsutsa, ndipo ndikudziwa kuti inunso munena omwewo. Koma ndinawafunsa kuti chimanga cha mwezi ndi mwezi ndidzachitenga kuti, ine wopanda munda m'tauni? Kwa a Solomoni sangandilole kusunga ngakhale nkhuku imodzi. Chipinda chinacho ndinachifuna kale mpaka mapazi kutupa, sindinachione. Ndipo za chaka chamawa, tinayamba liti kunena kuti nkhondo itha chaka chamawa?

Ku Matundo ndiye ndaona kale zonse m'mutu mwangamu. Ndipempha kadimba m'mbali mwa mtsinje, ndizilima mpiru ndi matimati, ndizigulitsa pa mlatho. Ndiyamba ndi mbuzi imodzi yaikazi. Kuli atsikana awiri a ku Nsadzo amene asankhidwa limodzi ndi Beatriz ndipo akusowa kokhala, makolo awo abwera kale kudzandigwadira. Chipinda chinacho ndi chawo, azidzawoloka mlatho atatu, ndipo wofuna kuwayankhula adzayambe wadutsa pa ine. Mwamva, achimwene? Apurufesora atatu m'nyumba ya ine Quitéria!

Tsopano ndifike pa malata a atate. Ndikudziwa chimene malata amenewa ali kwa inu, musaganize kuti ndaiwala. Ndinalipo pamene atate anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Wankie, chifuwa chikuwavuta kale, anthu a mudzi wonse akuperekeza ngolo. Ndikukumbuka mvula yoyamba pa denga limenelo, inu mukulira kuti kumwamba kwasweka, amayi akuseka mpaka kugwira nthiti.

Ndikukumbukanso tsiku limene inu ndi a Inácio munawakhomola, nkhondo itayandikira. Munatituma akazi tonse kumtsinje, ndipo pobwera tinapeza nyumba ili yosafolera, malata osaoneka, inu awiri muli thope mpaka m'mawondo. Munati simutiuza pamene mwakwirira, kuti ngati atigwira n'kutimenya tisakhale ndi chonena. Ndinakutukwanani tsiku limenelo, koma ndikudziwa kuti munatichitira chifundo.

Ndipo za amayi sindizipotoza. Pamene ankatsirizika mumsasa uno anakugwirani dzanja n'kunena kuti nkhondo ikatha mudzabwezere denga lawo. Inu munalonjeza. Ndinali pomwepo ndi chikho cha madzi, ndinamva ndi makutu angawa. Ndikanakonda kukunamizani kuti ananena zina, koma ananena zimenezo.

Ndinafuna kukulemberani kuti mundiuze malowo, koma ndinadziwa kuti yankho lanu likhala liwu limodzi. Ndiye ndinaganiza zokaona kaye ngati malatawo alipo n'komwe. Masiku ano amilisiya amaperekeza anthu m'mamawa kukathyola mango ndi kukumba chinangwa m'minda yakale, n'kubwera dzuwa lisanalowe. Ndinalowa m'gulu limenelo, dengu pamutu, kakhasu m'kati mwa dengu.

Kwathu, achimwene, simungakuzindikire. Udzu wafika m'chiuno, zipupa za nyumba ya amayi zasungunuka mbali imodzi, pakati pa chipinda chanu pamera mpoza. Tinkayenda mondondozana, aliyense akuponda pamene waponda mnzake, chifukwa cha mabomba okwirira aja. Mango okha ndiwo sakudziwa kuti kuli nkhondo, abereka mpaka nthambi kuthyoka.

Ulendo woyamba ndinakumba ngati wamisala. Ndinakumba pansi pa mango, palibe. Ndinakumba m'khola la mbuzi, palibe. Kuseri kwa nkhokwe khasu linagunda chitsulo, koma potulutsa ndinapeza mutu wa makina osokera a a Barnaba, oyandikana nafe aja, wokulunga m'chikopa! Mudzi wonse uli pansi pa dothi, achimwene, aliyense anakwirira chake, ena mpaka m'bwalo la eni. Ndinawabwezera makina awo m'dzenje momwemo bwinobwino, mukawaona kumeneko muwauze kuti makinawo ali moyo.

Ndinabwerera ndi matuza m'manja ndi mango m'dengu. Ndinati basi, a Gaspar apambana. Kenaka linabwera dzuwa lija ndinakuuzani kuti musaiwale, mvula n'kudula masiku angapo, kukhala ng'amba yeniyeni pakati pa dzinja.

Ulendo wachiwiri sindinapite kukakumba, ndinapita kukatenga chinangwa. Ndikudutsa m'munda wa mtedza uja wa pafupi ndi chulu, ndinangoima. Udzu ponseponse unali wobiriwira, koma malo amodzi unali wofota, wachikasu, ndipo kufota kwake kunali kwa ngodya zinayi, kotalika, ngati munthu wagoneka chitseko pansi. Ndinaseka ndekha m'tchiremo mpaka wamilisiya kutembenuka. Inu ndi a Inácio munaganiza za asilikali, munaganiza za akuba, munaganiza za pakamwa pa akazi, koma za mizu simunaganize. Pamwamba pa chitsulo dothi ndi lochepa, dzuwa likawomba udzu wa pamenepo ndiwo umayamba kufa.

Sindinakumbe nthawi yaitali. Khasu linangoti ngwee, ndipo liwu limenelo ndinalidziwa. Nditachotsa dothi ndinapeza masaka amene munaphimbira, owola, ndi chingwe cha waya chimene munamangira mtolowo. Mfundo yake inali ya a Inácio, yopota kawiri n'kupindira mkati, monga ankamangira chitseko cha khola. Pamenepo kuseka kunatha. Ndinakhala pansi m'dzenjemo n'kulira mwamuna wanga, kulira kumene sindinalire tsiku la maliro chifukwa tinkathamanga.

Nditapukuta misozi ndinayang'ana bwino, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvere ndi makutu onse awiri. Malata akutha, achimwene. Madzi a pachulu amatsikira m'dzenje lomwelo n'kukhazikika. La pamwamba ladyeka ndi dzimbiri mpaka kubowoka, ndinapisa chala n'kutulukira kuseri. A pansi penipeni ali m'thope, ofiira ngati katondo. A pakati ndiwo akadali abwino, angoyera ngati owazidwa phulusa, koma m'mphepete mwayamba kale.

Sindinathe kuwakwiriranso. Ndinagwira khasu kuti ndibwezere dothi, manja anakana. Ndi monga kuona mwana wagwera m'madzi n'kunena kuti ndidikire mwini wake abwere. Ndinangophimba ndi nthambi n'kuthamangira kuno kukauza anzanga a Lejiyo ya Mariya, amayi a kutchalitchi.

Amayi amenewa Mulungu awadalitse! M'mawa mwake ananyamuka nane onse, ngakhale a Bernardete ndi msana wawo uja. Tinapaka malatawo thope kuti asang'anime padzuwa, pakati pake n'kuika masamba a nthochi kuti asalire, kenaka awiriawiri pamutu, wina kutsogolo wina kumbuyo. Wamkulu wa amilisiya anagwira pakamwa, anati waperekeza anthu onyamula mbuzi, mitondo, ngakhale chitseko, koma denga loyenda ndi miyendo sanalionepo.

Anatilamula kuti tisaimbe ndipo tisayankhule. Kwa a Bernardete chimenecho chinali chilango choposa katunduyo, milomo inkangogwedera yokha. Pa dambo lija la pakati kunabwera kamphepo, kanalowa pansi pa malata awo n'kuwazunguza ngati akuvina chimtali, iwo ali Mariya Woyera, Mariya Woyera, monong'ona. Tonse tinkafa ndi phwete, koma osatulutsa mawu. Tinafika bwino, palibe chinatichitikira.

Panopa malatawo ali kuseri kwa kapela, katchalitchi kathu kano, tawapukuta, tawaimika pamiyala, tawaphimba ndi udzu. A Agostinho avomera kuwasunga. Koma anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ngakhale limodzi silikwera kuluna mwini mbumba asanayankhule. Ndinawapsera mtima, ndinawauza kuti atate anabereka ana awiri, osati mmodzi. Iwo anangoti ndi zoona, koma amene analonjeza ndi mmodzi. Ndinagona ndi mkwiyo, ndinadzuka ndikudziwa kuti akunena zoona.

Ndiye ndabwera kwa inu, achimwene, ndagwada. Ndikudziwa kuti malata amenewa ndiwo akukugwirani mtima kumeneko. Mukagona m'dziko la eni mumadziuza kuti kwathu kuli denga likundidikira, ndipo m'mawa mumadzuka ndi mphamvu. Ndikawatenga, mudzamva ngati ndanena kuti ku Mualadzi sitidzabwereranso. Sindikunena zimenezo. Inenso ndimalota kwathu, ndimalota ndikusesa bwalo la amayi.

Koma ndinaona ndi maso anga. Denga limene mukuliyembekezeralo silikanakudikirani. Mvula ina iwiri, mukanadzakumba dzimbiri lokhalokha n'kuliwola ndi manja. Amayi ananena zawo osadziwa kuti nkhondo idzatalika chonchi, ndiponso osadziwa kuti mdzukulu wawo adzaitanidwa ku Tete. Ndimadzifunsa kuti akanakhala moyo, n'kuona maso a a Solomoni aja, akanati malata akhale kuti? Sindiyankha m'malo mwawo. Inu munkawadziwa monga ine.

Ndipo tamverani izi, chifukwa ndaganiza mpaka kumapeto. Theka lipita kwa a Rebeka, limenelo lapita, sindikubisirani. Koma theka linalo lidzakhala pamwamba, pouma, pamene mphepo ikuwomba, ndipo malata amakhalitsa padenga kusiyana ndi m'dothi. Tsiku limene mtendere udzabwere, Beatriz atamaliza, mudzabwere mudzawakhomole ndi manja anu omwewo, tidzawakweze galimoto yopanda asilikali, tidzafolere chipinda cha amayi. Malata otsalawo adzagule purufesora, ndamuuza kale ndipo walumbira.

Mukakana, ndimvera. Sindiba za m'nyumba ya atate. Beatriz apitabe ku sikola, chimenecho sichisintha ngakhale kugwe chiyani, ndipo tikalowa kwa a Solomoni. Ndizikagona chopingasa pakhomo ngati galu. Koma mudziwe kuti munthu mmodzi sangakhale pakhomo ndiponso kokasaka chimanga cha lenda nthawi imodzi, ndipo pali maola amene mwanayo adzakhala m'nyumba yaikulu ija ine kulibe. Ndili ndi mantha, achimwene. Mfuti sizinandiopse monga akundiopsera bambo amene uja.

Mwanayo sanena kanthu, mukumudziwa. Dzulo ndinamupeza kuseri kwa kapela akupala dzimbiri ndi mwala, pang'onopang'ono, lata ndi lata. Ndinamufunsa kuti akuvutikiranji, malume ake asanavomere. Anati ngakhale akane, ndi malata a agogo, asadyeke.

Tsopano chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Tsiku lija munakhomola denga, misomali simunataye. Munaiwongola umodziumodzi pamwala, n'kuiika m'chitini cha mafuta ophikira, ndipo pothawa munasiya bulangeti koma chitinicho munanyamula. A Jester akuti chikadali pansi pa bedi lanu, ndipo alamu anga akachisuntha posesa pamakhala mlandu. Ku Tete msomali wa malata kulibe, ndafunsa m'sitolo, ndafunsa pamsika, ndafunsa kwa amisiri. Ndiye mukuona, ngakhale ndikanawazembera a katekista, sindikanapita patali. Ine ndili ndi malata, inu muli ndi misomali.

Ndikudziwa kuti kulemba kalata kumakupwetekani mutu, ndiye musavutike. A Jester abwerera kuno kuluna isananyamuke. Ngati mwalola, apatseni chitinicho, a Agostinho akachiona adziwa okha. Koma chimene ndikanakonda koposa ndi chakuti muwoloke malire mubwere nacho nokha, mukakhome denga la mphwanu ndi dzanja lanu. Ndani wina amadziwa mabowo akale a malata amenewa? Nyundo ndabwereka kale kwa a katekista, ndipo anandipatsa akupukusa mutu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Florinda, muwauze kuti ndikakhazikika ndiwatumizira masawu ouma ndi nsomba za mu Zambezi. Moni kwa Samuele ndi Debora, alimbikire sikola, aone mchemwali wawo. Moni kwa a Barnaba ndi onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. Beatriz akuti ndikuuzeni kuti miyendo ya bango ija ndi imene izikawoloka mlatho tsiku ndi tsiku. Ambuye akusungeni, akutchinjirizeni panjira, ndipo atikumanitse tili amoyo.

M'kati mwa kalata ino mupeza kanthu kokulunga m'kansalu. Ndi kachidutswa ka lata la pamwamba lija. Sindinadule ndi mpeni, ndinangobenthula ndi zala ziwiri ngati chibenthu cha mkate. Musanayankhe chilichonse, musanapse mtima, khalani pansi, mukaike pachikhatho, mukafinye. Kenaka muyang'ane pansi pa bedi.

Ine mlongo wanu amene sasiya kukuvutitsani,

Quitéria